Dimba la pakhomo ku Ngabu: momwe ntchito yayendera kuyambira Epulo mpaka Disembala 2024

Epulo, kumayambiriro

Mvula ya chaka chino yatigwiritsa fuwa la moto. Chimanga chinapserera chisanamasule, mapira ndi mchewere zapatsa pang'ono chabe, ndipo mwezi wathawu Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño. Chikwawa ndi Nsanje ali m'gulu lomwelo. Anzathu okhala ndi malo kudambo, m'mphepete mwa Shire, ayamba kale kutsikira kumeneko kukabzala chimanga, nyemba ndi mbatata pa chinyezi chotsala. Ife kuno kumtunda kwa Ngabu malo a kudambo tilibe. Chomwe tili nacho ndi bwalo la pakhomo, khola la ng'ombe la malume, ndi mjigo. Ndiye ndati dimba libwere pakhomo pompano, ndipo ndizilemba momwe likuyendera kuti anzanga a kuno kuchigwa atolepo chomwe chingawathandize.

Ndikufuna kuti ndiwo zamasamba tisamagule kufikira mvula ina itagwa. Ndikufunanso maluwa. Chilimwe cha kuno chimasiya bwalo lili mbuu miyezi yambirimbiri, ndipo munthu amatopa nako kuona fumbi lokhalokha m'mawa ndi madzulo.

Mbewu sizipita pansi ayi, zikhala m'zinthu zoti munthu atha kunyamula. Dothi la pakhomo pathu ndi makande, lakuda bii, lomwe likauma limang'aluka ming'alu yolowa dzanja, likanyowa limakakamira kukhasu ndi kumapazi. Komanso madzi osefukira tawaona mokwanira. Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 anakwirira kadimba kathu ka kuseri kwa nyumba ndi matope, mbewu za makolo zomwe amayi ankasunga momwemo n'kupita nazo. Dimba la nthawi ino likhale loti wailesi ikachenjeza, tilikweze pamwamba.

Zomwe zasonkhana mpaka pano: zigubu za malita 20 zomwe munali mafuta ophikira, zong'aluka kukamwa, matayala otha kuchokera kwa mnyamata womata matayala pa msewu wa M1, beseni la chitsulo lobooka, matumba a feteleza, malimu a njinga opindika, mtondo wa amayi womwe unang'ambika, ndi mitsuko iwiri yobenthuka milomo. Chachikulu pa zonse ndi bwato. Malume ali ndi mnzawo msodzi wa ku Elephant Marsh, dambo lalikulu la m'mphepete mwa Shire, amene bwato lake linabooka kunsi moti phula silinkagwiranso, ndipo analibweretsa pangolo.

Pali chinthu chimodzi chomwe ndakana. Kuno ndi kwa alimi a thonje, ndipo pafupifupi nyumba iliyonse ili ndi mabotolo ndi tizigubu tomwe munali mankhwala opopera thonje. Achemwali anga anandibweretsera tingapo ndi mtima wabwino. Ndinawauza kuti, "Achemwali, timeneti ngakhale mutatsuka ndi sopo, musadzabzalemo chinthu cholowa m'kamwa, ndipo ana asamatungire madzi." Pulasitiki imamwa mankhwala, ndipo sakutha ndi kutsukuluza kokha.

Epulo, kumapeto

Masabata awa apita pa mpanda ndi dothi, mbewu sizinakhudzidwe.

Anthu akangokolola, ziweto zimayenda zokha, ndipo kuno kuchigwa mbuzi ndi ng'ombe n'zambiri kuposa madera ambiri a dziko lino. Dimba lopanda mpanda ndi chakudya cha mbuzi. Tamanga ndi mapesi a mapira ndi bango, tikumangirira ndi malegeni odula kumachubu akutha, chifukwa luzi limadyedwa ndi chiswe msanga. Kumunsi kwa mpanda tazunguliza ukonde wakale wa asodzi kuti nkhuku ndi anapiye zisalowe. Mizati ina ndi nthambi za sangowa, womwe kumtunda amati cham'mwamba. Nthambi yake ukaizika imaphuka, ndiye mzati umasanduka mtengo wa ndiwo. Koma tayiika mkati mwa mapesi, poti mbuzi zimaukonda kwambiri ndipo zimausenda khungwa.

Makande okhaokha sangakhale m'chigubu. Ukathirira amatseka mabowo, akauma amagwirana gwa n'kusiyana ndi khoma la chigubu, madzi n'kumangodutsa m'mbali osafika kumizu. Ndasakaniza muyeso umodzi wa makande, umodzi wa mchenga wa mumtsinje wouma, ndi umodzi wa manyowa a m'khola omwe awolerana mpaka kusiya kununkha. Pamwamba pake ndawonjezera mankhusu a mpunga omwe mlamu wanga anabwera nawo kuchokera ku East Bank, tsidya la kum'mawa kwa Shire, komwe kuli sikimu ya mpunga ya Nkhate. Mankhusuwa amachedwa kuwola, ndiye amasiya mipata yoti mpweya uzilowa. Ukafumbata dothi losakanizali lili lonyowa limagwirana, ukalikhudza ndi chala limamwazika. Pamenepo ndiye lafika.

Alangizi a zaulimi atadutsa anandipeza ndi ndowa ya phulusa. Anati, "Mayi, phulusalo muchepetse. Limathandiza dothi lowawasa ngati la ku Thyolo ndi ku Mulanje komwe kumagwa mvula yambiri. Lanu lino silowawasa, ndipo madzi anu ali kale ndi mchere." Mawu amenewa ndawasunga, chifukwa malangizo ambiri omwe timamva pa wailesi amanenedwa ngati dziko lonse lili ndi dothi limodzi. Ngakhale manyowa a Mbeya, osakaniza ndowe, gaga, phulusa ndi feteleza pang'ono n'kutsekera m'thumba masiku 21, ndapanga thumba limodzi lokha, phulusa lake lochepa.

Chotengera chilichonse ndachiboola kunsi ndi msomali wotentha, n'kuyala mapale ndi zidutswa za njerwa dothi lisanalowe. Zonse zakhala pa njerwa, osati pansi penipeni.

Meyi

Kwayamba kuzizira, ndipo nyengo ya masamba kuno ndi imeneyi. Mbewu za m'mapaketi zakwera mtengo kwambiri chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala chaka chatha, choncho ndagula za tomato, repu, tchayinizi ndi sipinachi zokha. Zina zonse zachokera m'manja mwa anthu: bonongwe, luni, denje, mpiru ndi chidede kwa azakhali, khobwe ndi therere kwa amayi, kholowa kwa aneba. Nazale ndafesa m'mathileyi a mazira ndi m'mapaketi a Chibuku odula pakati. Majumbo opyapyala sindinawagwiritse ntchito. Boma linawaletsa mu 2015, aja omwe kukhuthala kwake sikufika ma micron 60, ngakhale amapezekabe m'misika, ndipo pa dzuwa la kuno amafumbutuka msanga n'kusiya tizidutswa m'dothi.

M'bwato mwalowa mpiru, repu ndi tchayinizi, kumutu ndi kumchira kwake maluwa a marigodi. Bwatoli ndi lalitali bwino moti lalowa m'malo mwa bedi lathunthu. Zigubu ndazidula pamwamba, chilichonse mtengo umodzi wa tomato, tsabola kapena mabilinganya. M'beseni, poti ndi losaya, mwapita anyezi. Mumtondo mwakhala udzu wa tiyi uja wonunkhira mandimu, ndipo amayi akuti mtondo wawo sunawonekepo bwino chotero.

Matumba ndi omwe anditengera nthawi. Pakati pa thumba ndimaimika chitini chopanda kunsi, n'kudzazamo timiyala, n'kuthira dothi mozungulira, kenako n'kukweza chitinicho pang'onopang'ono mpaka pamwamba. Pakati pamatsala mzere wa miyala womwe umatsitsa madzi mpaka pansi. M'mbali ndimacheka timabowo n'kulowetsamo mbande za sipinachi ndi mpiru, pamwamba n'kufesa bonongwe. Thumba limodzi limatenga malo a mpando umodzi koma limanyamula mbewu zoposa khumi.

M'matayala ndaikamo maluwa okhaokha: aja otsegula dzuwa likakwera omwe timati teni koloko, ndi zinia. Tayala limapangidwa ndi zinthu zambiri zomwe sindikufuna kuti zikhale pafupi ndi mizu ya ndiwo za ana anga kwa miyezi. Malimu a njinga ndawamangirira kumpanda atatu atatu, ndipo khobwe ndi mphonda ziyanga momwemo.

Juni

Mwezi wokoma. Mwera ukuwomba, usiku tikufunda, ndipo chilichonse chabiriwira. Bonongwe tinayamba kuthyola patangotha masabata anayi chifesereni. Mpiru wa m'bwato wachuluka moti amayi afutsa wina n'kusunga m'chikwatu. Dimba lonse likumwa zigubu zitatu patsiku. Palibe chodandaula mwezi uno, ndiye sindichulutsa mawu.

Julayi

Tsopano mchere wadzionetsa, ndipo ndikuona kuti nkhani yeniyeni ya dimba la pakhomo kuno kuchigwa ndi imeneyi.

Unayamba ndi kamzere koyera m'milomo ya zigubu ndi pamwamba pa dothi. Kenako masamba a tsabola anayamba kupsa m'mphepete, ngakhale dothi linali lonyowa. Nyemba zochepa zomwe ndinabzala m'chigubu chimodzi zinafota zisanachite maluwa. Anyezi wa m'beseni anaima, osakula osafa. Koma khobwe amene ali pafupi ndi nyembazo ali bwinobwino, sipinachi ali gwa, chidede sichinamve kanthu.

Aliyense wa kuno amadziwa kuti mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi ku Nsanje imatulutsa madzi a mchere, ina mpaka anthu anaisiya. Umadziwira pa sopo wosachita thovu ndi tiyi wosakoma. Chomwe sitiganizira kawirikawiri ndi zomwe madzi otero amachita m'chigubu. Ukathirira, mbewu imamwa madzi, dzuwa limamwa ena, koma mchere sutuluka. Mawa ukathiranso, wawonjezera wina. Kumunda mvula imautsitsa pansi patali. M'chigubu ulibe kopita, ndiye umaunjikana kufikira mizu italephera kukoka madzi ngakhale ili m'dothi lonyowa. N'chifukwa chake mbewu imaoneka yaludzu, mwini wake n'kumathira timadzi pang'onopang'ono pafupipafupi, komwe kuli kuwonjezera vuto lomwelo.

Ndasintha kathiriridwe. Kamodzi pa sabata chotengera chilichonse chikulandira madzi ambiri nthawi imodzi, mpaka atuluke kunsi ndi kuyenderera, kuti atsuke mchere. Ndisanatero ndimayamba ndapala kadothi koyera ka pamwamba n'kukataya kutali ndi dimba. Apa ndi pomwe mabowo a kunsi ndi njerwa zokhazikapo zagwira ntchito: chigubu chokhala m'dziwe la madzi ake omwe chimamwanso mchere womwe watuluka. Madzi otsukira mcherewa sakuchokera pamjigo wathu. M'mudzi woyandikana nawo muli mjigo wa madzi okoma, patali ndithu, ndipo mwana wanga wamkulu amapita ndi njinga Loweruka. Zimadabwitsa kuti mijigo iwiri yosatalikirana kwambiri isiyane chotero, koma kuno n'zofala.

Pamwamba pa dothi lonse ndaphimbira ndi udzu wouma ndi makoko a khobwe, kukhuthala kwake zala zinayi. Madzi akamauma pang'ono, mchere umakweranso pang'ono, ndipo zigubu zitatu zija zatsika kufika ziwiri ndi theka.

Mitsuko iwiri ija ndaikwirira m'bwato mpaka m'khosi, n'kumadzazamo madzi ndi kuvundikira ndi mbale yakale. Mtsuko wadothi wosapaka kanthu umatulutsa madzi pang'onopang'ono kudzera m'thupi mwake, ndipo dothi likauma umatulutsa ambiri, likanyowa umachepetsa wokha. Mizu imadzakulunga mtsukowo. Mbewu zozungulira mitsuko sizikufota masana ngati zinzake. Mtsuko nawo umatsekeka ndi mchere, ndiye mumitsuko ndikuthira madzi okoma okha, ndipo pakapita nthawi ndimaifukula n'kuikwecha ndi chisononkho.

Madzi otsukira mpunga ndi otsukira nsomba akupita ku ndiwo. Ochapira zovala ayi. Sopo wa ufa ali ndi mchere wakewake, choncho madzi amenewo akupita ku mtengo wa nimu ndi ku bugenivila wa pachipata, omwe amapirira.

Anthu akukamba za ngalande yaikulu ya ulimi wothirira, ya pulojekiti ya Shire Valley Transformation Programme, yomwe ikukumbidwa kuchokera ku Kapichira. Tsiku lomwe madzi a Shire adzayandikire kuno, zambiri mwa izi zidzapepuka. Pakali pano dimba liyenera kukhala ndi moyo pa madzi omwe alipo.

Ogasiti

Mphepo ya fumbi yayamba, ndipo yabwera ndi tizilombo. Nsabwe zadzaza kunsi kwa masamba a repu ndi mpiru. Pa tomato pali kangaude wofiira, kakang'ono koti uyang'anitsitse, kamene kamakonda kotentha ndi kouma ndipo kamasiya masamba ali mbuu ndi timaukonde. Palinso timphutsi ta Tuta absoluta tolowa mkati mwa tsamba n'kusiya njira zoyera. Masamba a mphutsizi ndikuwathyola n'kuwatentha, poti mankhwala opopera safika bwino mkati mwa tsamba.

Nimu kuno ali paliponse, m'misewu, m'masukulu, m'matchalitchi, ndipo ndiye mankhwala athu. Ndimasinja masamba ake, kapena njere zikapezeka chifukwa ndi zamphamvu kuposa masamba, n'kuviika usiku wonse, m'mawa n'kusefa ndi kansalu, n'kusungunuliramo kachidutswa ka sopo wa mtanda kuti madziwo amate pa tsamba. Ndimawaza madzulo dzuwa litapepa, makamaka kunsi kwa masamba, ndi botolo loboola chivindikiro. Sapha nthawi yomweyo. Tizilombo timasiya kudya n'kumachepa, ndipo pamafunika kubwereza sabata iliyonse. Masamba ndimawatsuka bwino ndisanaphike chifukwa nimu amawawa.

Amayi poyamba ankaona ngati maluwa akungomwa madzi a ndiwo. Tsiku lina anandifunsa kuti, "Iwe mwanawe, madzi ovuta chonchi, maluwawa tidzadyera nsima?" Ndinawatengera pa mphonda ndi maungu oyanga kumpanda. Njuchi zimafika m'mawa pa zinia ndi pa mpendadzuwa, kenako n'kulowa m'maluwa a maungu, ndipo popanda njuchi dzungu limangophuka kamwana n'kuyoyoka. Chaka chino ayoyoka ochepa. Pa marigodi ndi pa mpungabwi pakutera tizilombo tina tofiira ta madontho akuda tomwe timadya nsabwe. Mpendadzuwa ndinaubzala dala kumadzulo kwa bwato, ndipo tsopano ukutchinga dzuwa la masana. Amayi sanayankhe zambiri, koma chidede achitenga kukhala chawo: masamba ake akuphika ndi nsinjiro, ndipo akudikira zikhokho zake zofiira kuti adzapange chakumwa.

Pa marigodi ndinene zoona zake, chifukwa anthu amamutamanda mopitirira. Kumuika pambali pa tomato sikuthamangitsa tizilombo tonse. Ntchito yake yodziwika ili m'dothi: mizu yake imachepetsa tinyongolotsi tosaoneka ndi maso tomwe timatupitsa mizu ya tomato ndi therere timfundo timfundo. Kuti zimenezi zitheke, marigodi ayenera kukhala m'dothilo miyezi iwiri kapena itatu mbewu inayo isanalowe. Choncho chigubu chomwe ndazulamo tomato wa mizu yotupa chikulandira marigodi yekha kaye.

Mnzanga wina wa kutchalitchi anandipatsa nthambi ya duwa lija la masamba aatali ndi maluwa a pinki lomwe limabzalidwa m'maofesi, oleander. Ndi lokongola ndipo limapirira chilala, koma ndi poizoni kuyambira tsamba mpaka muzu. Pakhomo pa ana ang'ono ndi mbuzi silingakhale.

Zina ziwiri zoyang'anira. Tayala limasunga madzi m'mphako yake ya mkati, ndipo udzudzu umaswana momwemo, ndiye ndaboola mbali yakunsi ya tayala lililonse. Pansi pa zigubu pozizira pamabisala zinkhanira. Ana ndawauza kuti chigubu asamachigwire kunsi asanachikankhe ndi mtengo.

Seputembala

Azimayi a gulu lathu la banki m'khonde anachitira msonkhano wa mwezi uno pakhomo pano kuti aone dimba. Atatu ayamba kale matumba awo. Tinagawana mbewu, ndipo ine ndinalandira chitowe ndi tsabola wa kambuzi. Mmodzi anafunsa ngati neti ya udzudzu ingatchinge dzuwa pa nazale. Yong'ambika yomwe yatha ntchito itha kutero, koma yatsopano yolandira kuchipatala ndi ya pabedi. Malungo kuno si nkhani yoseweretsa, ndipo ndinalankhula mosabisa.

Mbuzi zinathyola mpanda pakona imodzi n'kumaliza thumba limodzi la mpiru. Pakonapo taikapo lata lakale la nyumba yomwe inagwa ndi Freddy.

Okutobala mpaka pakati pa Novembala

Dzuwa la kuchigwa lafika pachimake. Masana kutentha kukupitirira madigiri 40, ndipo usiku anthu akugona panja. Nyengo imeneyi ndiyo yasiyanitsa zotengera zonse, moti tsopano nditha kunena chomwe chili choyenera kuno ndi chomwe sichili.

Beseni la chitsulo latuluka m'dimba. Pofika masana silikhudzika, ndipo dothi losaya la mkati mwake limatentha ngati mchenga wokazingira mtedza. Anyezi ndinazula, beseni n'kukhala chomwera nkhuku pamthunzi. Matayala akuda amatenthanso chimodzimodzi. Nditawapaka layimu asinthako ndithu, ukagwira umamva kusiyana, koma zinia wapsa. Teni koloko yekha ndi amene akusangalala, poti masamba ake amasunga madzi, ndipo wafalikira mpaka kulendewera kunja kwa tayala.

Zigubu zachikasu zili pakati. Mbali yoyang'ana dzuwa imatentha ndipo mizu ya mbali imeneyo imafa. Ndazikulunga ndi ziguduli ndi mphasa zakutha, n'kuzisunthira pamodzi kuti zizitchingana, ndipo zathandiza. Koma pulasitiki yayamba kuuma, moti ziwiri zasweka pozinyamula. Matumba a feteleza nawo ayamba kufumbutuka mbali ya kudzuwa. Thumba kuno ndi la nyengo imodzi, ndipo wofuna kuti lipitirire alivundikire ndi thumba lina kapena udzu kuyambira tsiku loyamba.

Zopambana ndi za mtengo ndi za dothi. Ukalowetsa chala m'dothi la m'bwato masana, mkati muli pozizira. Thabwa lake ndi lokhuthala, dothi ndi lambiri, ndipo mitsuko ikugwira ntchito yake. Mtondo nawonso udzu wake wa tiyi sunafote. Mdani wa ziwirizi ndi chiswe, ndiye zili pa njerwa, ndipo m'mawa uliwonse ndimayang'ana ngati pali njira za dothi zokwera njerwazo n'kuziphwanya. Phulusa lomwe alangizi anandiletsa kuthira m'dothi lapeza ntchito apa, ndikuliwaza mozungulira njerwa. Wina akandifunsa choyambira, ndimuuza kuti asayambe ndi matayala ngakhale ndi osavuta kupeza. Afunefune mtondo wakale, mphika waukulu wosweka, chomwera ng'ombe cha mtengo, kapena bwato lotha.

Mbewu nazo zasinthana. Tomato akuchita maluwa koma akuyoyoka osabereka, chifukwa kukatentha motere, makamaka usiku ukakhala wotentha, ufa wa m'duwa sugwira. Kupitiriza kumuthirira n'kutaya madzi, ndiye ndamuzula. Repu ndi tchayinizi zawawa ndipo zadzaza nsabwe, nazonso zachoka. M'malo mwake mwalowa therere, khobwe wa chitambe, bonongwe, luni, denje ndi kholowa. Izi ndi ndiwo zomwe agogo athu ankadya nyengo ino, ndipo sizikusowa kunyengerera. Sangowa wa kumpanda waphuka bwino moti tikuthyola kawiri pa sabata. Ndimamudula nsonga kuti asatalike kupitirira pofika dzanja.

Tamanga chisakasa cha masamba a mgwalangwa pamwamba pa theka la dimba, chopyapyala choti dzuwa lizilowa madontho madontho. Dzuwa la m'mawa likufika lonse, la masana likutchingika. Kuthirira ndi mbandakucha ndi madzulo kwambiri, masana ayi. Ngakhale zili choncho madzi akwera kufika zigubu zinayi patsiku, ndipo pamjigo mzere ndi wautali chifukwa ng'ombe nazo zikumwera pomwepo. Ndachepetsa zotengera kuti zotsalazo zikhute. Pa maluwa ndasiya teni koloko, bugenivila ndi marigodi wa m'zigubu zopumira.

Chiyambireni Juni sitinagule masamba kumsika. Tomato ndi anyezi ndiye tayambanso kugula.

Disembala

Vuto lomwe ndinaliona kuyambira pomwe bwato linadzazidwa dothi lafika poti lithetsedwe: chotengera chabwino kuposa zonse ndi chomwe sichinyamulika. Bwato lodzaza dothi lonyowa silingasunthidwe ndi anthu a nyumba imodzi. Kumayambiriro kwa mwezi malume anabwera ndi anyamata a kukhola, tinachotsa theka la dothi, n'kulikweza pa nsanamira zitatu za njerwa zofika m'chiuno. Kutalika kwake tinayezera pa mzere womwe madzi a Freddy anasiya pakhoma la khitchini, n'kuwonjezerapo chikhatho chimodzi. Pafupi ndi khonde tamanganso thandala la mitengo ya nimu loti pakwere zigubu.

Pakati pa mwezi nthambi yoona zanyengo inachenjeza za namondwe wa Chido. Madzulo omwewo tinakweza zigubu zonse pathandala, mtondo tinaulowetsa m'khitchini, chisakasa tinachimasula kuti mphepo isachinyamule, ndipo mbewu zouma za m'mabotolo tinazipachika kudenga pamodzi ndi ziphaso ndi mabuku a ana. Ntchito yonse inatha kusanade, anthu anayi. Pakhomo pathu madzi sanafike pabwalo, koma taona pofooka: matumba sanyamulika akakalamba, awiri anaphulika m'manja. Chaka chamawa thumba lililonse lidzakhala pa kathabwa kapena m'dengu lakale kuyambira pachiyambi, kuti lizinyamulidwa ndi pansi pake.

Mvula yomwe yagwa yatsuka mchere, ndipo kamzere koyera kachoka m'milomo ya zigubu. Madzi a mvula ndi omwe ndikufuna kugwira tsopano. Ndapeza mgolo wa malita 200 womwe munali zakudya, osati mankhwala kapena mafuta a galimoto, ndipo mlamu akupinda lata kuti likhale ngalande ya kudenga. Mgolowo udzakhala wovundikira chifukwa cha udzudzu ndi ana. Mgolo umodzi sungathirire dimba chilimwe chonse, koma ungasunge madzi a nazale ya Epulo ndi a mumitsuko kwa kanthawi.

Udzu wophimbira ndauchepetsa m'zigubu kuti mizu isawole, ndipo mabowo a kunsi ndawatokosa onse. Dothi la zotengera zomwe munali tomato ndi mabilinganya lakhuthulidwa pamulu, lisakanizidwe ndi manyowa atsopano ndipo mvula ilitsuke mpaka Malichi. Mbewu za therere, chidede, luni, marigodi ndi zinia zauma ndipo zili m'mabotolo, lililonse ndi dzina lake. Zatsala ndi kumata mng'alu womwe wayamba kumchira kwa bwato, kusintha mapesi a mpanda omwe awola kumunsi, ndi kupita kwa amayi owumba mbiya a ku msika wa Ngabu kukawapempha mitsuko inayi ya khosi lopapatiza, yosapaka kanthu kunja, yoti idzakwiriridwe m'zigubu zikuluzikulu nyengo yozizira ikadzayamba.